Ana Amene Tinawagwiritsa Khutu ku Kalingalinga

Mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanaiwale. Sindiiwala, koma ndalemba. Za ku Katete sindinenapo zambiri. Ndinaweta ng'ombe za amalume monga anzanga onse, sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo ku Lusaka ndinabwera ndi malaya awiri. Chimene simuchidziwa bwino ndi ntchito imene inakulerani. Ndikudziwa kuti anzanu akakufunsani kusukulu munkati atate ndi kalaliki. Sindinali kalaliki. Ndinali wofunsa mafunso m'makomo, pa ofesi ina ya kafukufuku wa za moyo wa anthu, ndipo ndinagwira ntchitoyo mpaka imvi, popanda tsiku limene ndinakhala pansi pa mtengo n'kudzaza mayankho a m'mutu mwanga, monga ankachitira ena.

Pakati pa zaka za m'ma 1970: George

Ndinalowa ngati mesenjala. Bwana woyamba anali mzungu wamtali amene tinkamutcha Chipewa, chifukwa sankachivula ngakhale mu ofesi. Tsiku lina womasulira wake anadwala, ndipo anatenga ine. Nthawi imeneyo ku komboni ya George kunkabwera mapaipi a madzi ndi misewu, ndipo ofesi yathu inkafuna kudziwa kuti m'nyumba iliyonse mumagona anthu angati, anabadwira kuti, anafika liti m'tauni, ndiponso ngati ana amapita kusukulu. Titabwerako madzulo anandiuza kuti njinga ya umesenjala ndiisiyire wina, mawa ndibwere ndi nsapato zolimba.

Anandiphunzitsa malamulo awiri, ndipo anandibwerezetsa ngati katekisimu. Loyamba, usalonjeze munthu kanthu, ngakhale ndi nkhope. Lachiwiri, usamuuze munthu chochita. Wabwera kudzaona mmene akukhalira, ndipo ukamulangiza lero, mawa udzabwera kudzayeza malangizo ako omwe. Malamulowo ndinawakonda. Ndine munthu wa zinthu zoongoka, inunso mukudziwa. Zina ndinaphunzira kwa amayi a m'komboni. Ukafunsa mayi kuti ali ndi ana angati amayang'ana kumbali, chifukwa ana sawerengedwa ngati nkhuku, komanso sadziwa ngati aphatikize amene ali kumanda. Ine ndinkayamba ndi dzina la woyamba kubadwa, kenako wopondana naye, kenako wotsatira, mpaka wa kumsana. Akafika pa amene anamwalira mawu ankatsika okha, ndipo ndinkalemba osafunsa kawiri. Manambala a nyumba m'komboni anali osadalirika, ena kulibe, ena atatu pachitseko chimodzi. Choncho nyumba iliyonse imene tafunsa tinkaipaka chizindikiro cha penti wabuluu pachitseko, kuti tikadzabweranso tisasochere. Ku George komweko ndinapeza malo, ndinamanga zipinda ziwiri, n'kuitana amayi anu kuchokera kumudzi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980: Kanyama ndi Chawama

Mkuwa utagwa mtengo, zinthu zinayamba kusowa. Inu aakulu mukukumbukira mizere ya unga wa nsima, saladi wophikira, sopo ndi shuga. Kwa ife ntchito inavuta chifukwa ukafika pakhomo unkapeza ana okha, mayi ali pamzere kuyambira m'bandakucha. Anzanga ena anati tizikawafunsira pamzere pomwepo. Chipewa anakana. Anati munthu sanena zoona za m'nyumba mwake mnzake akumvetsera kumbuyo. Ndiye khomo limodzi tinkalibwerera mpaka timupeze mwini wake. Galimoto ya ofesi inakhala pa njerwa chifukwa matayala kunalibe. Mafunso tinkasindikiza kuseri kwa mapepala akale. Makina ojambulira mawu anagona m'kabati, mabatire osapezeka. Ku Kanyama nthawi ya mvula ndinkayenda madzi ali m'mawondo, thalauza yopinda, mapepala ali m'pulasitiki pamutu, ana akundiseka kuti ndine mayi wogulitsa vitumbuwa. Pepala ngakhale limodzi silinanyowe.

Ku Chawama tinatsatira mbaula yatsopano, ya dongo mkati, imene inkadya malasha ochepa. Tinkafuna kudziwa amene aitenga, amene aikana, ndi chifukwa chake. Mayi wina anandiyankha kuti mbaulayo ndi yabwino kwa anthu awiri okondana, koma iye ali ndi alamu, adzukulu, ndi mlendo wa ku Petauke amene anabwera kudzagona kamodzi chaka chatha ndipo adakalipo. Poto wake sankakhalapo. Ndinalemba mmene ananenera. Ena anaikonda ndithu. Amayi anu anagula yawo osandifunsa, ndipo inang'aluka mvula yachiwiri.

Chipewa atabwerera kwawo kunabwera Ba Dokota Sakala, mayi wa ku Chadiza, mwana wa mphunzitsi, wamng'ono kwa ine. Amuna ena anadandaula kulamulidwa ndi mkazi. Ine ndinaona kuti amawerenga pepala lililonse limene tabweretsa, ndipo zinandikwanira. M'nthawi yawo, anthu a kunja amene ankalipira kafukufuku wathu anatumiza kompyuta. Inkakhala m'chipinda chake, yofunditsidwa nsalu, magetsi akathima tonse tinkadikira. Koma ikayaka inkamaliza ntchito imene akalaliki ankasanja ndi manja mwezi wonse. Pasanapite nthawi akalalikiwo anauzidwa kuti ntchito yatha. Mmodzi ndinamupeza pa siteshoni ya minibasi akugulitsa ndudu imodziimodzi, ndipo ananamizira kuti sanandione. Kompyuta sinkatha kuyenda m'matope a ku Kanyama, ndiye ine ndinatsala. Koma ndinkadziwa kuti kunja kuli anyamata a Fomu 5 ongokhala, ndipo munthu wa Sitandade 6 akalakwa kamodzi sapatsidwa kachiwiri.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980: Kalingalinga

Kafukufuku amene ndikufuna mumumve bwino anali wa sukulu. Ana m'makomboni anachuluka, sukulu sizinachuluke. Malo a Giredi 1 anali ochepa, ndipo kumapeto a chaka, tsiku lolembetsa likafika, makolo ankaima pamzere pageti ngati wa unga. Wochedwa ankabwerera ndi mwana wake kukadikira chaka china, ndipo chaka chinacho ankatha kuuzidwa kuti mwana wakula. Ba Dokota ankafuna kudziwa kuti ndi mabanja otani amene amapita pamzerewo, otani amene amapeza malo, ndi otani amene sayesa n'komwe. Tinayenera kuyenda kawiri m'nyumba zomwezo, koyamba nthawi yozizira, kachiwiri sukulu zitatsegula chaka chinacho. Ine ndinapatsidwa kutsogolera gulu la ku Kalingalinga. Wachiwiri kwa Ba Dokota anali Ba Mbewe, mnyamata wophunzira, waukhondo, wogwira ntchito molimbika.

Vuto linali zaka za ana. Zikalata za kubadwa ambiri analibe. Makadi a kusikelo ena anadyedwa ndi chiswe, ena anatsala kumudzi. Mayi ankati mwanayu anabadwa chaka chimene alamu anakwatira. Pamsonkhano wa mu ofesi Ba Mbewe anakumbutsa njira imene ahedi a sukulu ankagwiritsa ntchito: mwana apititse dzanja pamwamba pa mutu, agwire khutu la mbali inayo. Likafika, wakwana kuyamba sukulu. Likapanda kufika, adikire. Tonse m'chipindamo tinadutsamo tili ana, Ba Dokota omwe. Tinagwirizana kuti kumene kulibe khadi tizitero n'kulemba ngati dzanja lafika. Palibe amene anatsutsa. Tinayenda nyengo yozizira yonse, tikugwiritsa ana khutu, tikupaka zitseko penti, ndipo pakhomo lililonse tinkanena mawu athu a nthawi zonse, kuti ife sitipereka kanthu, tikungofunsa. Sindinalandiridwepo bwino ngati chaka chimenecho. Ankatipatsa mipando, ana ankabwera atasambitsidwa. Ndinaganiza kuti anthu a ku Kalingalinga ndi aulemu basi.

Mvula yoyamba ya chaka chomwecho

Ba Dokota anapita kunja kukakambirana ndi amene ankatilipira, kuti ofesi ipitirire kapena itsekedwe. Loweruka lina ndinapita ku Kalingalinga pa zanga, kukafuna felemu ya chitseko cha chipinda chachitatu chimene ndinkamanga. Kumeneko akalipentala ndi ambiri. Ndinafikira kwa Ba Chisale, mkulu amene atate ake anachokera ku Malawi kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu. Nyumba yawo inali imodzi mwa zimene ndinafunsa ndekha. Ankalera mdzukulu wamkazi dzina lake Enelesi, ndipo ndinkakumbukira kuti dzanja lake linafika pakhutu mosavuta. Tisanakambe za felemu anandikoka kupita kuseri kwa nyumba, kumene ankapalira matabwa, n'kundionetsa kampando kakang'ono ka zidutswa za mtengo wa mukwa, kosalala, kobooledwa pakati kuti mwana azikanyamula ndi dzanja limodzi. Masiku amenewo madesiki m'sukulu anali atatha, ndipo ana ankanyamula chokhalira kuchokera kunyumba, ena chitini, ena njerwa.

"Ni ka Enelesi," anatero. "Azinyamula kusukulu kumene munamulemba, Ba Mwanza."

Ndinawauza kuti ife sitilembetsa ana sukulu, ndipo ndinanena kale zimenezo tsiku limene ndinabwera. Anaseka n'kundigwira paphewa.

"Tidziwa, tidziwa. Simufunika kukamba poyera. Ansanje ni ambiri muno."

Ndinabwerezanso, motsitsa mawu. Anandiyang'ana ngati ndikuwayesa nzeru.

"Ba Mwanza, ine ndine wamkulu. Kuchipatala mwana amamuika pa sikelo. Kutchalitchi amamuthira madzi. Wogwiritsa mwana khutu ni wa sukulu basi. Ndani wina angafune khutu la mwana?"

Anandifotokozera bwinobwino kuti aliyense kumeneko akudziwa: nyumba ya penti wabuluu, mwana wake ngati anagwira khutu, walembedwa kale, safunika kupita pamzere. Anansi opanda penti ankawachitira nsanje. Mayi wina anali atagula kale nsalu ya yunifomu. Ndinafunsa kuti kulembetsa kuli liti pa sukulu zapafupi. Anati kumapeto kwa sabata ikubwerayi, koma iwo sizikuwakhudza. Felemu sindinagule.

Lolemba ndinakauza Ba Mbewe. Sanaseke. Anavula magalasi. Kenako ananena zimene ndinkadziwa kuti anena, ndipo sizinali zopusa. Kafukufuku yense anali wakuti ndani amapita pamzere mwa yekha. Tikapita kukawauza kuti pitani, ndiye kuti taphwanya lamulo lachiwiri lija ndi manja athu, ndipo ntchito ya nyengo yonse yozizira yapita m'madzi, pamene Ba Dokota ali kunja kupempha kuti ofesi isafe. Anayesa lamya yakunja, sinadutse. Anati alemba kalata. Ndinawauza kuti kalata ikamafika geti idzakhala itatsekedwa.

"Imwe na ine sitinaname munthu," anatero. "Pa nyumba iliyonse tinakamba kuti sitipasa vilivonse. Manje ngati bamvela vawo, ni mulandu wathu? Mukayenda kuja, muyende na dzina lanu, osati la ofesi. Ndipo Ba Dokota bakabwela nizakamba vonse."

Ndinati akambe. Koma kunena zoona, potuluka m'chipindamo ndinali ndisanasankhe. Inu munali asanu, chipinda chachitatu chilibe denga, ndipo nkhope ya kalaliki wa ndudu uja inali m'maso mwanga. Malamulo a Chipewa ndinali ndisanawaphwanyepo. Madzulo ndinauza amayi anu ali kusankha nyemba pakhonde. Chaka chimenecho ndi chimene iwe Tamala unkayenera kuyamba, ndipo amayi ako anali atakonzeka kale kukaima pamzere wa kuno ku George. Anamvetsera osakweza mutu. Kenako anati iwo akupita pamzere chifukwa akudziwa kuti palibe amene wawalembera mwana, pamene amayi anzawo a ku Kalingalinga akhala pakhomo tsiku limenelo, mitima ili m'malo, akusoka yunifomu.

"Akakuchotsani tizagulitsa malasha," anatero. "Koma musaganize kuti nizakusekelelani."

M'mawa ndinalemba kapepala kopempha masiku a tchuti, ndinakasiya patebulo la Ba Mbewe, n'kuyenda wapansi kupita ku Kalingalinga.

Nyumba zoyambirira sizinandikhulupirire. Ndinkanena poyera kuti mwana wanu sanalembedwe kulikonse, mupite pamzere, mulawire. Ankagwedeza mutu mwaulemu, wina anandithokoza chifukwa chosunga chinsinsi, wina anandipatsa chimanga chowotcha. Mayi wina analoza chitseko chake n'kunena kuti ngati mwana wake sanalembedwe, nanga ichi n'chiyani. Pamenepo ndinaona kuti pakamwa panga sipangapose penti. Ndinabwerera kwa Ba Chisale, ndinabwereka chitsulo chawo chopalira matabwa, ndipo iwo akuyang'ana ndinayamba kupala chizindikiro cha pachitseko chawo. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Popanda zizindikirozo, ulendo wachiwiri ukanakhala wofunafuna nyumba m'tinjira topanda maina, kumene a Phiri ndi a Banda ali pa ngodya iliyonse. Penti atagwa pansi, Ba Chisale anasiya kumwetulira.

"Ndiye kuti n'zoona," anatero.

Anandinena mawu amene sindilemba pano. Anati anthu ophunzira amasewera ndi ana a osauka, ndipo ine ndine woipa kuposa iwo chifukwa ndimalankhula chinenero chawo. Ndinaima n'kumvetsera mpaka anamaliza. Kenako anandilanda chitsulocho. Ndinayesa kuti akundithamangitsa. Anati ndikupala mopingasa, ndiwononga zitseko za anthu, ndipo anavala chipewa chawo n'kutsogola.

Tinayenda awiri masiku otsalawo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinkalankhula, iwo ankapala. Pa zitseko zamalata tinkakhula ndi mchenga ndi mwala. Anthu akaona mnansi wawo, amene nayenso anali ndi penti, akuchotsa chizindikirocho, ankakhulupirira msanga, ndipo mkwiyo unkabwera msanganso. Bambo wina wowotcherera zitsulo anandigwira malaya pakhosi mpaka batani linaduka. Mayi wa nsalu ya yunifomu uja anangolowa m'nyumba n'kutseka. Ambiri ankafunsa kuti nanga zonse zija tinkalemberanji. Ndinkayankha mmene tinaphunzitsidwira, kuti akuluakulu adziwe mmene zinthu zilili. Mayi wina wogulitsa tomato anati, "Bakulubakulu sibadziwa kuti bana balibe sukulu? Babwele chabe pa pompi masana, bazabapeza bonse." Ndinapita ku nyumba zonse za penti, za ana amene dzanja linafika ndi za amene silinafike, ngakhale kwa bambo wina amene nthawi yozizira anandithamangitsa ndi galu. Tsiku lolembetsa sindinapite kukaona. Sinali ntchito yanga. Ndinakhala pakhomo ndi inu, amayi anu ali pamzere ndi Tamala.

Ndinabwerera kuofesi. Ba Mbewe ankandipatsa moni wa mutu chabe. Anzanga ankasiya kulankhula ndikalowa. Ndinasiya kugula malata a chipinda chija, ndipo ndinafunsa mwakachetechete kwa munthu wa ku Chongwe mmene malonda a malasha amayendera.

Ba Dokota atabwera anandiitana tsiku lomwelo, Ba Mbewe ali pomwepo. Ba Mbewe anafotokoza zonse, osawonjezera, osachotsa. Ndimawalemekeza pa chimenecho. Ine ndinaimirira, manja kumbuyo. Ba Dokota anatembenukira kwa ine.

"Munapita nyumba zonse, kapena za anzanu chabe?"

"Zonse."

"Ngakhale za ana amene dzanja silinafike?"

"Zonse, Ba Dokota."

Anatsamira kumpando. Ananena, osati kwa ine ndekha, kuti kafukufukuyo tinamusintha tonse tsiku limene tinakweza dzanja la mwana woyamba, ndipo iwo anagwira khutu pa sukulu ya atate awo enieni koma sanaganize. Anati zakuwauza anthu sakanaletsa, ndipo popeza ndinauza onse mofanana, pali njira yolembera zimene zachitika moona. Koma pa za penti anakwiya, ndipo anakweza mawu, chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo. Anati ndikanapaka chizindikiro china kuseri kwa nyumba, kapena kujambula mapu ndisanapale, ndipo anali kunena zoona, sindinaziganizire. A kunja anali atavomera kutisunga pokhapokha ulendo wachiwiri utachitika. Nyumbazo zikapanda kupezeka, sindine ndekha amene ndikanagulitsa malasha. Anandichotsa pa utsogoleri wa gulu, anandilembera chenjezo, ndipo anati zotsalazo tidzaziona sukulu zikatsegula. Khirisimasi ya chaka chimenecho mukuikumbukira, munkati atate adwala. Sindinadwale.

Sukulu zitatsegula

Ba Dokota anabwera eni ake, pamodzi ndi Ba Mbewe, tsiku loyamba la ulendo wachiwiri, atavala magambuti, atanyamula maina a eni nyumba, okonzeka kufunsa khomo ndi khomo ngakhale zitenge mwezi. Tinalowa kanjira koyamba kuchokera kumsika. Zitseko za m'komboni n'zakuda ndi utsi, mvula ndi manja a ana. Tisanafunse munthu aliyense, Ba Dokota anaima n'kuloza. Pachitseko china panali kachigamba koyera, kosalala, thabwa latsopano likuoneka, kukula ngati chikhatho. Patsogolo pake panali china. Pa zamalata panali powala ngati mbale yotsukidwa. Ba Chisale anapala mwaukatswiri kwambiri, moti zigamba zawo zinkaoneka patali kuposa penti wathu, amene mvula ikanamufufutitsa kale. Ba Dokota anaseka mpaka anagwira chipupa. Ba Mbewe anayesa kudziletsa, analephera. Ine sindinaseke. Nyumba sitinasowe.

Sitinapatsidwenso mipando. Makomo ena anatiyankha ali chiimire, ena anakana, ndipo tinalemba kuti akana. Si onse amene anapeza malo. Ena anaima pamzere n'kubwerera chimanjamanja, ndipo zimenezo sizinali m'mphamvu yanga kapena ya Ba Dokota. Koma sindinapeze nyumba imene inakhala pakhomo tsiku lija chifukwa choyembekezera ife. Nkhani ya khutu Ba Dokota anailemba poyera mu lipoti lawo. A kunja anadandaula, anachepetsa zina, koma ofesi sinatsekedwe. Kuyambira pamenepo palibe wa ofesi yathu amene anagwiritsanso mwana khutu. Utsogoleri anandibwezera patapita zaka ziwiri, ndipo ndinapuma ntchito mwaulemu, ndi wotchi imene ili pakhoma iyi. Chenjezo lija lili m'sutikesi. Musalitaye ndikafa.

Nyumba ya Ba Chisale inagwera ine. Ndinawapeza kuseri, akupala thabwa, dzuwa litapendeka pang'ono. Moni anayankha osasiya ntchito. Ndinayamba mafunso mwa dongosolo lake, amene agona m'nyumba muno, amene achoka, amene abwera. Ndinafika pa funso lakuti kodi mwanayu amapita kusukulu, ndipo ndinaliwerenga mmene linalembedwera.

"Muli na maso," anatero. "Funani kampando."

Ndinayang'ana pamene kanali tsiku lija. Panali zopalapala za matabwa basi. Ndinayang'ana pansi pa benchi, kumbuyo kwa chitseko, kampando kunalibe. Ndinapempha madzi akumwa, ndipo ndinakhala pa benchi yawo, ngakhale sanandiuze kuti ndikhale. Nditamwa ndinawauza kuti lamulo la ntchito likufuna yankho lochokera pakamwa pawo.

"Lembani kuti apita. Ni wa kalasi ya masana." Anauzira fumbi pathabwa. "Ndipo mukamuuze Dokota wanu kuti chitseko changa chifuna vanishi."

Ndinalemba zonse ziwiri.